A Thonje ndi Mabuleki Amene Sankatha

Amene anawapatsa dzina lakuti a Thonje anali kapitawo wa pa kampani yogulitsa magalasi a mawindo, ndipo linali Lolemba, pa 3 Febuluwale 1975, tsiku limene ankayesedwa ntchito ya udalaivala. Kapitawoyo anadzaza madzi m'kapu yachitsulo mpaka m'milomo, n'kuiika pa dashibodi ya lole, nati, "Tiye, tikazungulire msika tibwerere." Anyamata anayi amene anayamba kuyesedwa anabwerako thalauza la kapitawo litanyowa. Wachisanu, wowonda ngati bango, anazungulira msika, anatsika chitunda cha ku siteshoni, anaima pa mphambano ziwiri, n'kudzafika pa geti madzi ali chidzadzire. Kapitawo anayang'ana kapu, anayang'ana pansi pa chiwongolero, nati, "Iwe, phazi lakoli ndi la thonje?" Dzina linamera pomwepo, ndipo lenileni linatsala pa laisensi pokha.

Anagwira ntchitoyo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Magalasi ankaimikidwa mopendekera kumbuyo kwa lole, ataikidwa manyuzipepala pakati, ndipo a Thonje ankawamva akamakhudzana ngati mmene mayi amamvera mwana akutembenuka kumbuyo. Kayendetsedwe kawo kanali kodziwika: maso patali, phazi lichoke msanga pa mafuta, giya itsike, lole ifooke yokha. Buleki ankangoikhudza pomaliza penipeni, ngati munthu wogogoda pakhomo pa wodwala. Madalaivala atsopano ankawauza kuti, "Buleki ndi ya munthu amene wachedwa kuona." Pa zaka zonsezo linasweka galasi limodzi lokha, pa 18 Okutobala 1988, ndipo mpaka lero amanenetsa kuti linakwera lili ndi mng'alu kale.

Pa kampani pomwepo panali makaniko wa malole, munthu wa mawu okuluwika ndi manja akuda oyilo, amene anali ndi mlongo wake wobweretsa chakudya masana. A Thonje anamanga naye banja mlongoyo Loweruka, pa 6 Disembala 1980, ndipo kuyambira tsikulo makanikoyo anasanduka Alamu. Anthu awiriwa anali ndi ntchito imodzi imene ankaigwira ngati nyimbo, yotulutsa mpweya m'mabuleki. Alamu ankagona pansi pa lole ndi sipanala ndi botolo, a Thonje ali pa mpando.

"Ponda! Ponda! Ponda! Gwira!"

"Ndagwira."

"Wagwiradi, kapena ukusisita? Mchemwali wanga anakwatiwa ndi munthu wopanda mwendo."

"Tsekani msanga inu, phazi lafika pansi."

Anatero pa malole a kampani, anatero pa magalimoto a anansi Loweruka masana, ndipo palibe tsiku limene njirayo inawagwiritsa mwala.

A Thonje anapuma pa ntchito Lachinayi, pa 30 Juni 2011. Nthawi imeneyo akazi awo anali atatchuka kale ndi makeke a ukwati, moti mumsewu wawo wonse ankangoti Mayi a Makeke. Khitchini yawo inali yaing'ono: tebulo lalitali lokutidwa ndi lata, sikelo ya miyala, mashelefu a zitini zophikira zosanjidwa kuyambira yaikulu, ndi uvuni wamagetsi wogulidwa mu 1996. Vuto linali kupititsa keke kumene ikufunika. Madalaivala a matakisi ankaifikitsa itapendama ngati woledzera. Zaka ziwiri a Thonje anapirira kuona zimenezo, kenaka Lolemba, pa 9 Seputembala 2013, anatenga ndalama zawo za penshoni n'kukagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, yoyera, yopangidwa mu 2007, ya mtundu uja woyendera petulo ndi magetsi umene amati hayibulidi.

Tsiku loyamba anadina batani loyatsira, sanamve kanthu. Anadinanso, zii. Anatuluka kuti akadandaule kwa wogulitsa, ndipo wogulitsayo anawauza kuti galimoto anailiza poyamba paja, kachiwiriko anaizimitsa. Alamu ataiona ikulowa pabwalo mwakachetechete anagwira pakamwa.

"Alamu, mwagula galimoto kapena mphaka? Ikubwera ngati ikudzaba nkhuku."

Koma a Thonje anaikonda msanga, ndipo chifukwa chake chinali pa kagalasi ka pa dashibodi. Akachotsa phazi pa mafuta, kapena akakhudza buleki pang'ono, timivi tinkaonetsa kuti mota yamagetsi ndiyo ikuchepetsa liwiro, ndipo mphamvuyo ikubwerera m'batire. Zimene iwo anakhala akuchita ndi magiya moyo wawo wonse, galimotoyi inkazichita yokha. Ankati aka kanali koyamba kupeza galimoto yogwirizana nayo maganizo.

Zaka khumi zotsatira zinali zokoma. Loweruka lililonse m'mawa ankagwetsa theka la mpando wa kumbuyo, n'kuyala thaulo lonyowa kuti thabwa la keke lisatsetsereke. Mayi a Makeke ankakhala pambali pake, dzanja limodzi pa thabwa, lina litagwira kachikwama ka mipeni ndi maluwa a shuga okonzera pothothoka. Kachikwamako kankabwerera kosatsegulidwa. M'galimoto munkanunkhira vanila sabata yonse. Am'mbuyo ankaimba mahutala chifukwa a Thonje ankayamba kuchepetsa liwiro maloboti ali kutali, koma iwo ankangoti, "Kuthamanga sikufika," osatembenuka n'komwe.

Chaka chilichonse mu Januwale Alamu ankabwera ndi jeke, kuchotsa tayala, n'kusuzumira mapadi a mabuleki. Chaka chilichonse ankawapeza ali okhuthala ngati atsopano.

"Mumaima ndi chiyani kodi? Mumatulutsa phazi panja n'kumakwekweresa pansi?"

A Thonje ankaseka mpaka kutsokomola. Nkhani ya mapadi osatha ankainena paliponse, kwa ometa tsitsi, pa mzere wa ku banki, ngakhale kwa apongozi a mwana wawo. Lamulo la awiriwa linali la ku malole: mapadi ngati alipo, mafuta a mabuleki ngati sakudontha ndipo kabotolo kake kali kodzaza, usagwirepo. Motero mafutawo sanasinthidwe ngakhale kamodzi.

Akulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba. Lolemba, pa 12 Febuluwale 2024, a Thonje anamva kaphokoso kutsogolo, ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini. Kaphokosoko anakadziwa kale, kankamveka kamodzi akatsegula chitseko m'mawa. Tsopano kankalira, kusiya, n'kuyambanso pasanathe mphindi. Anaganiza kuti ndi ukalamba wa galimoto, popeza nawonso mawondo anali atayamba kulira podzuka. Lachitatu, pa 6 Malichi, nyali zitatu zinayaka pa dashibodi, ziwiri zachikasu ndi imodzi yofiira.

Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa ku sekondale, anali atabwera kudzawaona tsikulo. Anati kuseri kwa malo ogulitsira matabwa kuli galaja ya mayi wina amene amakonza magalimoto a mtundu umenewu ndi kompyuta.

"Bambo, ipititseni kumeneko mawa. Loweruka muli ndi keke ya nsanjika zinayi."

Alamu, amene anali pakhonde akumwa tiyi, anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Kompyuta? Mabuleki? Mwana iwe, ndinayamba kukonza mabuleki amayi ako asanaphunzire kuswa dzira. Ndi mpweya umenewo. Lachisanu tiutulutsa."

A Thonje anayang'ana mwana wawo, anayang'ana Alamu. Kukana kukanakhala ngati kumuuza mnzawo wa zaka pafupifupi makumi asanu kuti manja ake atha ntchito. Komanso, kunena zoona, anali ataisowa nyimbo ija.

Lachisanu m'mawa Alamu anayala katoni pansi, nagona chagada movutikira, mwendo umodzi uli chiwongokere. Matayala a kutsogolo anayenda bwino. Mafuta anatuluka akuda ngati tiyi wogonera, ndipo awiriwo anayang'anizana. Ku matayala a kumbuyo ndiko kunavuta. A Thonje anaponda, anagwira, koma m'botolo simunagwe ngakhale dontho.

"Mukuponda, kapena mukupempha chilolezo?"

"Ndikuponda, Alamu. Sizikutuluka."

"Tayatsani galimotoyo tione."

Atangoyatsa, njuchi ija inalira mokwiya, mafuta anathovoka mwamphamvu n'kuwathira Alamu pa malaya. Pamene ankafufuza sipanala imene inagwera pansi pa katoni, kabotolo ka mafuta a mabuleki kaja kanali katauma. Anathiramo ena, anamanga, anatsitsa jeke. A Thonje anayendetsa galimoto kuchoka pa khonde kufika pa geti, ndipo inaima. Nyali zinali chiyakire.

"Zizima zokha zimenezo," anatero Alamu akupukuta m'manja. "Magalimoto a masiku ano amakonda kudandaula."

Loweruka, pa 9 Malichi, ananyamuka itangokwana naini koloko. Keke inali yoyera, ya nsanjika zinayi, ntchito ya masiku atatu. Njira ya ku holo inkadzera pa chitunda cha ku siteshoni, chomwe a Thonje anachitsika kambirimbiri moti ankadziwa chigamba chilichonse cha phula lake. Kumunsi kwake maloboti anali ofiira, basi itaima, anthu akuwoloka kutsogolo kwake. A Thonje anachotsa phazi pa mafuta pamalo pawo pa nthawi zonse, pafupi ndi sitolo ya nsapato. Anakhudza buleki. Pompo m'galimoto munayamba kulira kabelu kosalekeza, ndipo galimoto sinamve. Anakhudzanso mowonjezerako pang'ono. Basi inkangokula.

"Bambo!" anakuwa Mayi a Makeke kumbuyo.

Apo ndi pamene anaponda. Anagwira chiwongolero ndi manja onse, anadzuka pa mpando, naika thupi lonse pa mwendo wa kumanja. Matayala a kutsogolo analira, fungo la mphira linalowa m'galimoto, ndipo inaima patatsala malo oti munthu sangadutsepo chammbali. Keke sinaime nawo. Nsanjika ziwiri zapamwamba zinadutsa pakati pa mipando n'kukaphwanyikira pa dashibodi.

Kondakitala wa basi anabwera ndi mawu okonzeka kale, koma atasuzumira n'kuona nkhalamba ili ndi shuga m'makutu anangoti, "Pepani madala," n'kubwerera. Mayi a Makeke anayamba awagwira amuna awo paphewa, anawafunsa ngati ali bwino, kenaka anatsegula kachikwama kaja. Nsanjika ziwiri za pansi zinapulumuka. Anazikonza pa benchi ya pa sitolo ya nsapato, anabisa mabala ndi maluwa a shuga, n'kupita nazo pa takisi. A Thonje anatsala m'mbali mwa msewu akudikira galimoto yokoka.

Galaja ya mayi uja inali yaukhondo modabwitsa, yopanda dzenje pansi. Makanikoyo anali wa zaka za m'ma fote, wa magalasi a m'maso omangidwa ndi chingwe. Lachitatu, pa 13 Malichi, anaitana a Thonje, ndipo Alamu anatsatira osaitanidwa. Anawaonetsa chitsulo chokhala ndi timapaipi tambiri, chobisika kuseri kwa injini.

"Iyi ndi pampu ya mabuleki, bambo. Pa galimoto iyi phazi lanu limangopereka uthenga, yokankha mafuta ndi imeneyi. Phokoso munkamva lija ndi iyo ikulephera kusunga mphamvu. Mafuta anasinthidwa liti?"

"Lachisanu," anatero Alamu.

"Lisanafike Lachisanu?"

Alamu anayang'ana kudenga.

"Mafuta akakhalitsa amamwa madzi, ndipo madziwo amadya pampu m'kati," anapitiriza makanikoyo. "Inali ikufa kale. Koma wina anailowetsanso mpweya. Za kumbuyozi sitipopa ndi phazi, timatsegula ndi kompyuta. Ndani anagwirapo?"

"Anthu ena ake," anatero a Thonje msanga.

Makanikoyo anayang'ana malaya a Alamu, amene banga lake silinachoke, ndipo sanafunsenso. Anawatengera ku tayala la kumbuyo lomwe anali atachotsa. Zitsulo zake zinali zofiira ndi dzimbiri, zina zitagwirana.

"Koma mapadi akutsogolo ndi atsopano," anatero a Thonje, mawu ali pansi. "Zaka khumi."

"Ndawaona. Sindinaonepo otere. Koma sikuti ndi olimba, bambo, ndi oti sanagwirepo ntchito. Galimotoyi inkafuna kuti mwa apo ndi apo muziiponda ndithu, zitsulozi zizisuntha. Inu munkaiyendetsa bwino mopitirira."

Kenaka ananena mtengo. Pampu yatsopano, kukonza kumbuyo ndi ntchito yake, zonse pamodzi zinkaposa theka la mtengo umene galimotoyo ingagulitsidwe ili bwinobwino. Pampu yochotsa ku galimoto ina inalipo yotsikirapo, koma inali ya zaka zofanana, ndipo iye anakana kulonjeza kuti ingathe chaka. Anawonjezera, posafuna kuwabisira, kuti batire lalikulu nalonso latopa.

Pobwerera Alamu anayenda kutsogolo, manja kumbuyo. Pa mphambano anaima, nati kwa a Thonje:

"Alamu, ndikanakuphetsani. Inu pamodzi ndi mchemwali wanga."

"Woyatsa galimoto ndinali ine."

"Wokuuzani ndani?"

"Nanga ine ndilibe mutu? Tiyeni, dzuwa likutentha."

Kunyumba kunali ndalama zokwanira pampuyo, ndipo onse ankadziwa. Mayi a Makeke anakhala akusunga kwa zaka zitatu kuti agule uvuni watsopano. Wakalewo chitseko chake ankachitsekera ndi mpando, unkapsereza kumbuyo kumanzere, ndipo pa mphindi makumi awiri zilizonse ankayenera kugwada kuti atembenuze zitini. Lamulungu masana, pa 17 Malichi, a Thonje anawapeza akusefa ufa.

"Mawa mukauze mayi uja ayitanitse pampu yatsopano," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Uvuniwu wapirira zaka zonsezi, upiriranso."

"Ayi, mayi."

"Ayi chiyani? Mukufuna muzikhala pakhonde n'kumawerenga agalu odutsa? Ndikukudziwani ine. Mukasiya chiwongolero mudwala."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Gulani uvuni."

"Musandiuze miyambi m'khitchini mwanga. Makekewo azipita bwanji, aziyenda wapansi?"

A Thonje anakoka mpando uja wotsekera uvuni n'kukhalapo. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Pali chimene sindinakuuzeni. Pa chitunda paja, kabelu katalira, ndinadziwa kuti buleki yafa. Ndinadziwa pa sitolo ya nsapato pomwepo. Koma phazi linakana. Linakhudza kachiwiri, mofewa, ngati kuti kumbuyo kuli magalasi. Ndinaponda inu mutakuwa. Mukanapanda kukuwa, bwenzi tikunena zina."

Sefa inaima.

"Ndipo nditaponda, mwendo unatsala pang'ono kulephera. Mphamvu zonse zimene ndili nazo ndi zomwe zija. Pampu angaike yatsopano, koma tsiku lina mwana adzathamangira mpira pamsewu, ndipo phazi lidzakhala lomweli. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, mayi. Siliphunziranso."

Mayi a Makeke anapukuta manja pa epuloni. Anafuna kutsutsa, pakuti kutsutsa ndiko anazolowera, koma anaona nkhope ya amuna awo n'kumeza mawuwo.

"Mwaganiza liti zimenezi?"

"Ndili m'mbali mwa msewu muja."

"Ndiye sabata yonseyi mumangondiyang'ana ndikuvutika n'kuwerengera?"

"Ndimafuna ndione ngati maganizowo asinthe."

"Asintha?"

"Ayi."

Mayiwo anabwerera ku ufa wawo. Anasefa kanthawi, kenaka anati, "Chokanipo pa mpandopo, chitseko chikutseguka."

Makaniko uja anavomera kugula galimotoyo kuti azichotsako zipangizo. Lachinayi, pa 21 Malichi, a Thonje anapita ku galaja ndi ndowa, sopo ndi nsanza. Makanikoyo anawauza kuti palibe chifukwa choitsukira, popeza mawa lake ayamba kuimasula. Iwo anati akudziwa. Anatsuka matayala, anachotsa shuga amene anaumira m'timipata ta dashibodi ndi kamtengo ka machesi, anatulutsa ambulera ya akazi awo ndi magalasi awo owerengera amene anasowa chaka chatha. Atamaliza anakhala pa mpando wa dalaivala pang'ono, chitseko chili chotsegula, kenaka anapereka makiyi onse awiri ndi buku la galimoto.

"Amene adzagule mipandoyi mumuuze kuti wakumanzere kumbuyo umafuna kukankha ndi bondo kuti ugwe," anatero.

"Ndidzamuuza, bambo."

Uvuni watsopano unafika Lachiwiri, pa 2 Epulo. Makeke tsopano amanyamulidwa ndi mwamuna wa mwana wawo, amene anagula kavani konyamulira katundu n'kuphunzira kuyala thaulo lonyowa. Laisensi ya a Thonje inatha pa 31 Ogasiti chaka chomwecho. Mwana wawo anabweretsa mafomu owonjezerera, poganiza kuti mwina angafune kungokhala nayo m'thumba. A Thonje anawawerenga onse mpaka kumapeto, anamuthokoza, n'kumubwezera osalembapo kanthu.